Maiko Ena m'Kalata ya Febian

Cholakwa cha Febian Ngoma chinali chimodzi chokha: anapatsila kalata ya chikondi munthu wolakwika. Mphunzitsi wa sayansi wathunthu, wodziwa kutalika kwa ulendo wa kumwezi, koma osadziwa kuti Eustace Daka, kondakitala wa basi ya pakati pa Petauke ndi Nyimba, nayenso anali kumufuna Keziah! Msika wonse wa pa boma unali kudziwa. Iye yekha ndiye anali m'tulo.

Munali mu Meyi, chaka cha 1977, anthu ali pakati pokolola. Febian ndi Keziah Mumba anali atamvana kale, ndipo chotsala chinali chakuti amai ake a Keziah, a Eneless, alole ankhoswe a Febian kufika pakhomo. Amaiwo sanakane, komanso sanavomele. Anangoti, "Tiona." Miyezi itatu inatha, yankho lili tiona yemweyo.

Lachitatu m'mawa Febian anafika pa siteshoni ya basi ali wefuwefu.

"A Daka, muima pa mphambano ya Minga lelo?"

"Tsiku lililonse, aphunzitsi."

"Mundisiyileko iyi pa golosale. Keziah adzaitenga pamenepo."

Eustace anaitembenuza envulopuyo, naiika m'thumba la malaya, namwetulila mpaka mano a m'mbali kuonekela. "Musade nkhawa. Ifika m'manja mwenimweni."

* * *

Pa golosale sanaimepo n'komwe. Anauza dalaiva kuti amwe tiyi pang'onopang'ono, iye nathamangila kumudzi. Keziah anali atapita ku mishoni kukaphunzila nyimbo za kwaya, ndipo Eustace anali kudziwa bwino lomwe zimenezo. Anapeza a Eneless ali pansi pa mtengo wa mango, akuswa nshawa m'lichelo.

Anayamba ndi kupeleka mtanda wa sopo, chinthu chimene masiku amenewo chinali kusowa m'masitolo. Kenaka anatulutsa kalata, nkhope ataigwetsa ngati wabwela kudzanena malilo.

"Amai, iyi ndi ya Keziah, yochokela kwa aphunzitsi aja. Ine mtima wanga wakana kuisiya panjila."

A Eneless sanapite kusukulu, ndipo zilembo kwa iwo zinali ngati nyelele papepala. Anang'amba envulopu ndi chala, nabweza pepalalo kwa Eustace. "Welengani, mwana wanga."

Eustace anakonza pakhosi. "Wokondedwa Keziah, Loweluka madzulo ndibwela. Ndinakulonjeza kuti tsiku lina ndidzakuonetsa maiko ena, ndipo nthawi yakwana. Uvale juzi, chifukwa kudzazizila."

Lichelo linapendekeka, nshawa n'kumwazika pansi.

"Maiko ena?"

"Ndi mmene alembela, amai. Pali zinanso. Choyamba udzaona Sa... Satu..." Apa Eustace sananame dala ai, liwulo linamukanikadi. Analiyang'ana, nalitafuna, kenaka nalilavula mmene analimvela. "Satana. Udzaona Satana ndi mphete zake."

"Mayo ine!" A Eneless anachita chizindikilo cha mtanda kawili.

Pansi pake panali mizele ina itatu. Eustace anaiona, anaimva, ndipo anapinda pepala msangamsanga. Kumeneko ndiye kunali kuipa mtima kwake.

Koma musaganize kuti chimene chinawalasa a Eneless chinali Satana. Satana anali kumudziwa, abambo mfumu anali kumutchula Sande iliyonse. Chinawalasa ndi mau oyamba aja. Keziah ali ndi zaka zinai, atate ake, a Ezekiel, anaima pansi pa mango womwewo ndi sutukesi m'manja, nati, "Ndingokaonako dziko lina, mvula isanagwe ndabwela." Anapita ku Halale. Mvula inagwa kakhumi kasanu ndi kawili, osaoneka munthu, osaoneka kalata. Mwana anatsala mmodzi yekhayo.

* * *

Keziah anabwela akuimba, napeza amai ake maso ali psuu.

"Khala pansi. Unali kudzandiuza liti kuti upita kudziko lina?"

"Ine? Dziko liti?"

"Usandipusitse, Keziah! Kalata ya aphunzitsi ako ili pano." Anamenya pa mfundo ya chitenje pamene anaimangilila. "Akuti Loweluka adzakuonetsa maiko ena. Uvale juzi! Ndi juzi yomwe akuuzilatu!"

Keziah anayamba kuseka, koma analeka ataona kuti amai ake sakuseka.

"Amai, si maiko a pansi pano. A Febian amanena za kumwamba."

"Kumwamba! Ndiye kuti afuna kukupha?"

"Iai, amai, mwamva molakwa. Patseni kalatayo ndikuwelengeleni."

"Andiwelengela kale a Daka. Ndamvanso za Satana ndi mphete. Mphete ya ukwati imeneyo? Ndinakubatizitsa pa mishoni ya Minga ine kuti udzavale mphete ya Satana?"

Apa Keziah nayenso anasokonezeka. Za maiko anali kuzidziwa, chifukwa Febian akayamba nkhani imeneyo saimanso. Koma za Satana anali asanazimvepo.

"Mvela," anatelo a Eneless, mau atatsika. "Atate ako anandisiya ndi mau omwewa. Sindidzaimanso kachiwili pansi pa mtengo uwu n'kumayang'ana kumseu. Ndatuma kale mau kwa amalume ako a Cosmas ku Nyimba kuti Sande alandile anthu a kwa Daka. Eustace basi yake imapita n'kubwelanso tsiku lomwelo."

Keziah analila mpaka mutu kuwawa. Anali kumukonda Febian, anali kuwakondanso amai ake, ndipo anaona kuti pofika Sande ataya mmodzi.

* * *

Lachisanu ananamizila zokagula mchele, nabweleka njinga ya mnzake wa kwaya, napalasa mpaka pa boma. Anamupeza Febian akutuluka pa geti ya sukulu, choko chili mbuu m'manja.

"Keziah! Kalata yanga wailandila?"

"Ailandila amai. Awawelengela a Eustace."

"Eustace? Koma ndinamuuza kuti..."

"Inu a Febian, mutu wonsewu ndi wa nyenyezi zokhazokha? Munthu amene wakhala akundivutitsa chaka chathunthu ndiye mukumupatsa kalata yanga? Nanga Satana yemwe mufuna kundionetsayo ndani?"

Febian anayasama. Kenaka anagwila pamphumi, nakhala pa mwala wa m'mbali mwa mseu. "Satani, Keziah. Pa Chingelezi amalemba mwina, koma amatchula choncho. Ndi dziko lozungulila dzuwa monga lathuli, lili ndi mphete molizungulila. Mwezi uno likuoneka bwino dzuwa likangolowa. Ndinalembamo kuti ndibwela ndi telesikopu ya kusukulu, ndi kuti amai nawonso adzaoneko. Sanawelenge zimenezo?"

"Sanawelenge. Ndipo musaseke, chifukwa Sande anthu a kwa Daka apita kwa amalume."

Anamuuza za a Ezekiel, za sutukesi, za zaka zonse zija. Febian anali kudziwa kuti Keziah alibe atate, koma anali kuyesa kuti anamwalila. Anapukuta choko pa buluku.

"Ndawapweteka amai osadziwa," anatelo. "Mailo ndibwela ndithu."

"Sadzakulolani kulowa."

"Ndiima kunja kwa mpanda. Kumwamba kulibe mpanda."

"Onani, mwayambanso," anatelo Keziah, koma nkhope inali itamasuka. "Mukadzalankhula nawo, musadzalankhule ngati muli m'kalasi."

* * *

Loweluka, dzuwa litapendeka, Eustace anali atafika kale. Anavala buluku lotambalala kumiyendo ndi nsapato zazitali zidendene, nakhala pa mpando wa ndalema ngati mkamwini wa zaka khumi. Atamva belu la njinga anadzuka.

Febian anatsika kunja kwa mpanda. Kumbuyo kwa njinga anamangilila bokosi lalitali lamatabwa. Anagwada patali ndithu, naomba m'manja.

"Odi, amai."

"Mwabwela kudzam'tenga?" anafunsa a Eneless osamuyang'ana.

"Iai, amai. Ndabwela kudzapepesa, ndi kupempha chinthu chimodzi. Kalata ija aiwelenge Keziah, yonse, anthu akumva. Mukamva n'kundithamangitsa, ndipita osabwelanso."

Akazi a nyumba zoyandikana anali atayamba kale kusendela, ena ndi mitsuko pamutu. A Eneless anaona kuti kukana kungaoneke ngati mantha. Anamasula mfundo ya chitenje.

Keziah anawelenga mokweza. Anadutsa pa maiko ena, pa juzi, pa Satani ndi mphete zake, nafika pa mizele itatu ija. "Ndibwela ndi telesikopu, galasi loonela zakumwamba, tidzaiika pabwalo panu pomwepo. Uwapemphe amai kuti nawonso adzaoneko. Ndifuna adziwe chimene ndimaphunzitsa ana a anthu, kuti asandiope."

A Eneless anatembenuka pang'onopang'ono. "A Daka, mau awa munawasiyilanji?"

"Dzuwa linali kundithobwa m'maso, amai."

"Pansi pa mango?"

Akazi aja anaphulika nako kuseka. Eustace anayang'ana wochi, nanena kuti basi imudikila, ngakhale mudzi wonse unali kudziwa kuti basi inadutsa kalekale. Nsapato zija sizinamuthandize pa mizele ya m'munda wa nshawa. Anagwa kamodzi asanafike kumseu.

"Lowani, aphunzitsi," anatelo a Eneless. "Sindinavomele kanthu. Ndifuna ndimuone Satana wanuyo ndi maso anga."

* * *

Febian anaimika miyendo itatu ya telesikopu pakati pa bwalo. Kumadzulo kutafiila, nyenyezi zoyamba zitatuluka, analoza chitolilocho ku kanyenyezi kachikasu kosaphethila, nakonzakonza. Kenaka panabuka vuto limene sanaliganizile. Munthu wofuna mwana wa eni sangaime phewa ndi phewa ndi apongozi. Anabwelela m'mbuyo mpaka pa nkhokwe, manja kumbuyo, n'kumalangiza ali komweko.

"Keziah, uwauze atseke diso limodzi. Asagwile chitolilo."

"Ndamva, sindine gonthi," anatelo a Eneless. Anawelama, naika diso. Kenaka anafuula, "Ee! Kambale! Kadzila kali m'kambale!"

"Ndiye Satani ameneyo, amai. Kambaleko ndizo mphete."

"Kameneka? Kakang'ono chonchi?"

"Kakuoneka kakang'ono chifukwa ka kutali. Maiko onga lathuli mazanamazana angalowe m'kati mwake."

"Bodza!" Anaikanso diso. "Aa, wathawa! Keziah, wathawa!"

"Sanathawe, amai," anatelo Febian ali ku nkhokwe kuja. "Ndife tikutembenuka. Dziko lathu silikhala chete."

A Eneless anaponda pansi kawili ndi chidendene, ngati akuyesa ngati n'zoona. Keziah anasuntha chitolilo pang'ono monga anauzidwila, kadzila kaja n'kubwelanso. Amaiwo anayang'ana nthawi yaitali, akazi anzao akukankhana kumbuyo kudikila mpata.

Atawelamuka anakhala pamphasa, nayamba mafunso ngati a kukhoti.

"Kumeneko kuli anthu?"

"Kulibe, amai. Kulibe ndi poponda pomwe. Ndi mpweya wokhawokha, wozizila koopsa."

"Nanga maiko enawo?"

"Nthanda ija mumaiona m'mamawa popita kumunda, nalonso ndi dziko. Limaoneka lokongola, koma kumeneko kumatentha moti mtovu ungasungunuke. Lina ndi Mazi, lofiila. Chaka chatha asayansi anatsitsako makina, ndipo zithunzi zake ndili nazo. Miyala ndi fumbi basi. Kulibe mtsinje woyenda, kulibe udzu, ndipo mpweya wake munthu sangapume."

"Ndiye amalima chiani?"

"Salima, amai. Mwa maiko onse ozungulila dzuwa, amene tikuwadziwa kuti ali ndi mvula ya madzi, mitengo ndi anthu ndi lino lokha. Zili ngati kuotha moto. Amene wayandikila kwambili amapsa, wakutali amazizidwa. Lathuli linakhala pabwino."

"A Febian," anachenjeza Keziah, "kalasi."

"Musiye, ndikumva," anatelo a Eneless. Analoza mlalang'amba umene unayamba kuonekela ngati ufa wotayika. "Nanga zonsezo?"

"Iliyonse ndi dzuwa, amai, koma la kutali kwambili. Mwina zina zili ndi maiko ake. Mwina kwina kuli mai wina wakhala pamphasa, akuyang'ana kuno. Palibe amene adziwa. Ine ndimakhulupilila kuti tsiku lina adzawapeza."

"Basi yopita kumeneko iliko?"

"Kulibe."

"Sitima?"

"Kulibe, amai."

A Eneless anapuma mozama, mapewa n'kutsika. Kenaka analankhula mau amene Keziah anali asanawamvepo pamaso pa mlendo. "Ine ndinasiyidwa, aphunzitsi. Ndili ndi mwana mmodzi. Ndikamva za dziko lina, m'mimba mumandiotcha."

Febian anagwada pomwe analipo. "Ndamva, amai. Kwathu ndi ku Katete, koma mwambo ndiudziwa. Nyumba ndidzamanga pano, pamene mudzandilozele. Maiko enawo tizidzawaonela pabwalo pompano."

"Ndiye ankhoswe anuwo abwele Sande inayo, osati ya mailo. Kwa a Cosmas ndituma mau ena m'mamawa." Anatembenukila kwa mwana wao. "Ndipo kuyambila lelo, pepala lililonse lolowa pakhomo pano wondiwelengela ndiwe. Wina aliyense ai."

Nthungululu inalila kuchokela kwa akazi aja. Keziah anabisa nkhope m'chitenje, akuseka ndi kulila nthawi imodzi.

* * *

Anthu atabalalika kukapakula, Keziah anayatsa nyali kuti Febian aone polongedza. Febian anavula jekete kuti amange bwino bokosi panjinga, ndipo m'thumba munagwa envulopu yakhaki yokhala ndi chidindo cha boma.

"Nayonso ndi ya Satana?" anafunsa a Eneless, tsopano akuseka.

"Iai, amai. Ndaitenga ku positi masana, sindinaitsegule n'komwe. Iyenela kukhala ya mabuku amene tinapempha ku Lusaka." Anaipeleka kwa Keziah ndi manja awili, mwanthabwala. "Lamulo ndi lamulo. Yalowa pakhomo."

Keziah anaing'amba, naiyandikiza ku nyali. Inali ya Chingelezi. Anaiwelenga chamumtima kamodzi, nabwelezanso.

Akanatha kunena kuti ndi za mabuku. Amai ake akanakhulupilila, Sande ikanafika, ankhoswe akanabwela. Anayang'ana amai ake, amene anali kudikila ndi nkhope yoyela, ndipo anadziwa kuti sangawachite zimene anawachita Eustace.

"Akuti a Febian Ngoma asankhidwa," anatelo pang'onopang'ono, "pamodzi ndi aphunzitsi ena asanu m'Zambia yense, kukaphunzila za sayansi zaka ziwili. Ayankhe mwezi uno usanathe. Anyamuka mu Seputembala."

"Kukaphunzila kuti?"

"Ku Mangalande, amai."

Febian anasiya chingwe, bokosi n'kutsetseleka. "Ndinalembela zaka zitatu zapitazo, ndisanamudziwe Keziah. Ndinayesa anaiwala. Amai, ndikulumbila, sindinadziwe."

A Eneless sanafuule. Anadzuka, nakunkhumula chitenje.

"Kumeneko ndege iliko," anatelo.

"Sindipita," anatelo Febian msangamsanga. "Ndiwalembela mailo lomwe kuti ndakana."

"Mupita."

Onse awili anatembenukila kwa Keziah. Iye mwini anadabwa ndi mau ake, koma sanawabweze.

"Mupita, a Febian. Ndinaona nkhope yanu pamene ndinali kuwelenga, musanakumbuke kuchita mantha. Mukakana chifukwa cha ine, mudzakhala pabwalo pano zaka zonse mukuyang'ana kumwamba, ndipo ine ndidzadziwa chimene ndinakulandani. Sindifuna ukwati wotelo."

"Keziah!" anatelo amai ake. "Wamva zimene ukunena? Atate ako..."

"Awa si atate, amai. Atate sanapemphe munthu kuwelenga kalata yao pagulu."

A Eneless anayang'ana mwana wao, nayang'ana mphunzitsi amene anali atagwadanso m'fumbi. Anatambasula dzanja, natenga kalata ya boma ija, naimangilila pa mfundo ya chitenje.

"Sande ankhoswe abwele, mau anga sindibweza," anatelo. "Koma mumve bwino, aphunzitsi. Mukakwela ndege imeneyo, mwana wanga sadzakudikilani. Ndinadikila ine, zakwana." Analowa m'nyumba natseka chitseko.

Febian anatsala ali chogwada. "Ndichite chiani, Keziah? Ndikapita nditaya iwe. Ndikatsala, ukuti sundifuna."

Keziah anatola chingwe chija, namangilila yekha bokosi panjinga, nakoka mfundo mwamphamvu.

"Amai anena za mwana wao," anatelo motsitsa mau. "Sananene za mkazi wanu. Seputembala ikali kutali, a Febian. Mailo mukauze ankhoswe anu kuti asadzabwele kudzafunsila chabe. Adzabwele ndi tsiku la ukwati."